Jekete yovalika mbali zonse ziwiri: kuyambira pa kope mpaka pa makina

Mayi anga atamwalira, abale tinagawana zovala zawo, ine n'kutenga chitenje chimodzi chokha. Chinali chabuluu woderako, chofwifwa chifukwa chochapidwa kambirimbiri, ndipo chakumapeto chinali ndi kabowo kamene kanapsa ndi khala la moto iwo akuphika. Chinakhala m'sutikesi zaka zitatu. Kuchivala sindinkatha, kuchipereka kwa munthu sindinkathanso. Nthawi yonseyo ndinali pa khonde langa pano pa boma la Nkhotakota, kupalasa makina, kuseka ndi makasitomala, kusoka mayunifolomu a kwaya ndi madiresi a pa ukwati. Anthu ankati ndalimba mtima. Madzulo ndikatseka chitseko ndinkakhala munthu wina, wachete, wosafuna ngakhale wailesi.

Timakonda kunena kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo mwambiwu sindikuutsutsa. Koma zaka zimenezo ndinaona kuti ngakhale ndikhale ndekha tinali awiri ndithu: wa pa khonde ndi wa m'nyumba. Jekete imene ndikufuna kukuphunzitsani inabadwa nditasiya kufunsa kuti mwa awiriwa weniweni ndi uti.

Ndi jekete yomasuka, yopanda kolala, yopanda zipi, yofika m'matako. Ilibe lainingi. Lainingi ndi nsalu imene timaibisa, ndipo telala aliyense amadziwa kuti kumene kukabisike timakusoka mothamanga. Apa palibe kobisika. Mbali zonse ziwiri ndi zakunja, iliyonse ili ndi tsiku lake, ndiye iliyonse isokedwe mwaluso lofanana. Mukaiwala zina zonse zimene ndilembe m'munsimu, ichi chokha musaiwale.

Musanagwire sizasi

Tengani kope ndi pensulo, mupite pamalo pamene palibe amene akuyitaneni. Ine ndimapita kunyanja m'mamawa, asodzi a usipa akungotuluka m'madzi, ndisanatsegule khonde. Nyanjayi ndi mphunzitsi wabwino wa nkhani imeneyi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera ukaomba imakalipa, mabwato n'kukhala kumtunda. Tsiku lina m'mawa mudzaipeza ili zii, yosalala ngati yositidwa. Palibe amene amati nyanja yeniyeni ndi ya bata yokha.

Pindani tsamba pakati. Kumanzere lembani zimene anthu amaona pa inu: wansangala, wolimbikira, wolongolola, wamanyazi, chilichonse. Kumanja lembani mmene mumakhalira mukatseka chitseko. Foni ikhale m'thumba, chifukwa mukayamba kuyang'ana zithunzi za pa Facebook mudzajambula chovala cha munthu wina. Mukadzaza tsamba, yambani kufufuta mpaka kutsale liwu limodzi mbali iliyonse. Anga anali “kuseka” ndi “chete”.

Pali msampha apa, ndipo ambiri amagwamo. Amalemba mbali imodzi zabwino, ina zoipa, n'kusankha nsalu yoyera ndi yakuda ngati akusoka mngelo ndi satana. Jekete yotero idzavalidwa mbali imodzi yokha mpaka kutha. Chete si tchimo. Chisoni si matenda opatsirana. Liwu la kumanja likhale loti mungathe kulivala masana popita kumsika. Ngati mwalemba “wolephera”, dzifunseni kuti pansi pa liwu limenelo pali chiyani. Kawirikawiri mudzapeza “wotopa” kapena “woyambiranso”, ndipo amenewo amavalika.

Mukamasokera kasitomala, simungamupatse kope ngati mwana wa sukulu. Ine ndimafunsa ndikumuyeza: “Achemwali, mukakhala nokha kunyumba, alendo kulibe, mumavala chiyani?” Mayi wina anandiyankha kuti, “Kachitenje kakale kofewa, sindingakaonetse munthu.” Ndinati, “Kabweretseni mawa ndikaone.” Zimene munthu wakuuzani pa nthawi ngati imeneyo zimathera pa khonde pomwepo.

Nsalu

Tsopano mawu awiri aja asanduke nsalu. Osathamangira mtundu wokha. Igwireni m'manja, muikwinye, muiike patsaya. Pali nsalu yowuma yolira ukaigwedeza, pali yofewa yogona pathupi. Pali ya maluwa akuluakulu oitana munthu ali patali, pali ya timadontho toti uyandikire kaye. Ine ku “kuseka” ndinasankha Java yachikasu yokhala ndi mizere yofiira, ku “chete” kunali kale chitenje cha mayi.

Dzina loti Java lili ndi mbiri yake. Luso lopaka phula pansalu kenaka n'kuinyika mu utoto, lotchedwa batik, ndi la ku chilumba cha Java ku Indonesia. M'zaka za m'ma 1800 mafakitale a ku Netherlands anayamba kulitsanzira ndi makina, ndipo msika wake waukulu unapezeka kuzambwe kwa Africa, kenaka n'kufalikira mpaka kuno. Waksi weniweni, nsalu ya mtundu umenewu, mudzamudziwa pomutembenuza: utoto umalowa mofanana mbali zonse. Chitenje chotchipa chimawala kumaso kokha, kuseri n'kotuwa. Pa jekete yathuyi kuseri kwa nsalu zonse ziwiri kudzatsekeredwa m'kati, choncho chitenje chotchipa chingathe kugwira ntchito, bola chikhale cha thonje.

Thonje ndilo lofunika, chifukwa tikuphatikiza nsalu ziwiri ndipo kuno kunyanja kumatentha. N'zomvetsa chisoni kuti thonje limalimidwa pafupi pompa ku Salima, koma zitenje zambiri pamsika ndi zosakaniza ndi poliyesita. Kuti mudziwe, dulani kachidutswa kakang'ono muyatse ndi machesi panja. Thonje limayaka n'kununkha ngati pepala, phulusa lake n'lofewa. Poliyesita imasungunuka, imanunkha ngati jumbo, n'kusiya kabulu kolimba.

Yesaninso zinthu zitatu musanalipire kapena musanadule. Choyamba, kulemera: nsalu ziwirizo zikhale zofanana makulidwe, apo ayi yolemera idzakoka inzake n'kumasuzumira m'mphepete. Chachiwiri, zisanjikizeni n'kuziyang'anitsa kudzuwa. Ngati maluwa a yoderayo akuonekera pa yowalayo, sinthani imodzi. Chachitatu, nyowetsani kakona n'kukatikita pa kansalu koyera. Kakadetsedwa ndiye kuti nsaluyo imasuluka, ndipo idzawononga inzake pa kuchapa koyamba.

Chitenje chimodzi cha mamita 2 chimakwana mbali imodzi kwa munthu wa thupi lapakatikati, poti mulifupi mwake chimakhala cha m'ma masentimita 115. Wathupi, kapena wofuna mikono yofika povala wotchi, agule mamita 3. Mufunikanso ulusi wa mitundu iwiri, wogwirizana ndi nsalu iliyonse, ulusi wokhuthala wopetera pamanja, singano ya makina ya nambala 14, mapini ambiri, tepi, choko kapena kasopo kotsalira kosongoka, ndi simbi.

Chapani nsalu zonse ziwiri, iliyonse payokha, m'madzi ozizira, mpaka madzi otsukuluza atuluke oyera. Yanikani pamthunzi, sitani. Ichi musadumphe. Nsalu yatsopano ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba, pamene yakale inafupika kale. Jekete yanga yoyesera ndinaisoka osachapa nsalu yatsopano; itachapidwa, mbali imodzi inakhwinyata, ina n'kulendewera ngati thumba. Ndinathokoza kuti sindinayambire pa chitenje cha mayi. Inunso ngati nsalu yanu ili yoti simungaipezenso, yambani mwayesera pa shiti ya bedi ya pa kaunjika.

Chitenje chakale chiyang'aneni padzuwa. Pakati, pamene mwini wake ankakhalira kapena kuberekera mwana, pamakhala popyapyala. Lembani malo amenewo ndi choko kuti asagwere m'khwapa kapena pamapewa, pamene nsalu imakokeka kwambiri.

Kuyeza ndi kujambula pateni

Yezani chifuwa pamene chatukuka kwambiri, m'matako pamene patambalala kwambiri, kutalika kuchokera paphewa pafupi ndi khosi kufika pamene mukufuna jekete ithere, ndi kuchokera pa fupa la kumbuyo kwa khosi, kudutsa paphewa, kufika pamene mkono wa jekete uthere. Lembani nambala imene tepi yanena. Ndaona amayi ambiri akugwira mpweya, ena n'kundichonderera kuti, “Chotsaniko pang'ono, ndikufuna kuchepetsa thupi.” Ndimakana mwaulemu. Chovala chosokera thupi limene kulibe chimakhala m'sutikesi n'kumamuweruza mwini wake tsiku lililonse akachiona. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Thupi limene lakusenzani mpaka lero nalonso n'chimodzimodzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti chifuwa ndi masentimita 96, m'matako 104, kutalika 70. Tengani nambala yaikulu, 104, muonjezere 16 kuti jekete imasuke, zakwana 120. Theka lake, 60, ndi mulifupi mwa kumbuyo. Kutsogolo kuli magawo awiri, lililonse 30. Pa msoko tisiya sentimita imodzi ndi theka mbali iliyonse, ndiye pa muyeso uliwonse tionjezera 3. Kumbuyo kukhala 63 mulifupi, 73 mulitali. Gawo lililonse la kutsogolo likhala 33 mulifupi, 73 mulitali.

Jambulani pa pepala kaye, kaya nyuzipepala zomatiza kaya pepala la khaki. Pa gawo la kumbuyo, pezani pakati pa mzere wa pamwamba, yezani masentimita 8 mbali iliyonse, mutsike 2 ndi theka pakatipo, n'kujambula kakhosi kokhota. Pa magawo a kutsogolo, yezani 9 ndi theka pamwamba kuchokera ku mphepete yotsegukira, poti m'menemo muli kale malo a msoko, mutsike 30 m'mphepete momwemo, n'kulumikiza madontho awiriwo ndi mzere wopendeka. Ndilo khosi la kutsogolo. Mapewa atsike masentimita 3 chakunja, kumbuyo ndi kutsogolo komwe, kuti jekete isaime ngati bokosi. Ikani pepala la kutsogolo pa la kumbuyo muone ngati mapewa akufanana kutalika. Ngati sakufanana, konzani pa pepala pompo.

Mkono ndi nsalu ya makona anayi basi. Kuchokera paphewa kutsika 25 ndi pamene pathere khwapa, choncho mkono ukhala 50 mulifupi, kuonjezera 3. Kutalika kwake: pa muyeso uja wochokera kumbuyo kwa khosi chotsanipo 30, muonjezere 3. Ine ndimakonda wopitirira chigongono pang'ono, wa 38, chifukwa umapindika bwino, ndipo muona m'munsimu kuti kupindako kuli ndi ntchito.

Pateni ndi imodzi ya mbali zonse ziwiri. Musadule nsalu yachiwiri poika yoyamba pamwamba pake, chifukwa kamtunda kakang'ono kamene sizasi imaonjezera kadzakuvutitsani polumikiza. Yalani pateni motsatira utali wa chitenje, zidutswa zonse ziloze kumodzi. Mphepete ya fakitale, imene pamakhala zilembo, isalowe. Ngati maluwa ali akuluakulu, onani pamene agwere: duwa lalikulu likhale pakati pa msana kapena chammbali, osati pabere kapena pathako. Magawo awiri a kutsogolo ayang'anizane, lamanja ndi lamanzere. Ndi pamenepa pamene ophunzira ambiri amadula awiri a mbali imodzi. Zotsala musataye, muli matumba ndi zingwe.

Chilonda chionekere

Gawo ili ndi limene ndimalikonda, ndipo lichitike zidutswa zisanalumikizidwe, kuti mfundo zonse za ulusi zikatsekeredwe m'kati.

Tinakula tikuchita manyazi ndi chigamba. Mwana wa chigamba pa kabudula ankasekedwa kusukulu, ndiye telala amaphunzira kuchibisa. Kumpoto kwa Japan, kumene thonje silinkamera chifukwa cha kuzizira, alimi osauka ankaphatika chigamba pa chigamba, nsalu zabuluu, n'kuzisoka ndi timizere ta ulusi woyera. Zovala zimenezo zimatchedwa boro, kasokedweko n'kutchedwa sashiko. Eni ake nawonso ankazichitira manyazi, koma lero zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Komwekonso kuli luso lotchedwa kintsugi, lomata mbale yosweka n'kupaka golide pamng'alu kuti paoneke. Mu 1981 Rei Kawakubo ndi Yohji Yamamoto, okonza mafashoni a ku Japan, anayamba kuonetsa zovala zawo ku Paris: zakuda, zomasuka, zosafanana mbali, ndipo zina m'zaka zotsatira zinali ndi mabowo adala. Ambiri anazinyoza poyamba, koma zinasintha kaganizidwe ka okonza mafashoni. Agogo athu ankasoka zigamba mwaluso lomwelo, kungoti palibe anawauza kuti n'zokongola.

Ndipo tauni yathu ino imadziwa kusunga chilonda. Mkuyu umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, mtsogoleri wa malonda a akapolo, m'zaka za m'ma 1860 udakaima, kukumbutsa kuti gombe lokongolali ndi lomwe anthu ankakwezedwerapo m'zombo kupita ku ukapolo. Palibe anaudula kuti tiiwale.

Kabowo ka pa chitenje cha mayi ndinakaika dala kutsogolo, kumanzere, pamunsi pa phewa. Kachitidwe kake ndi aka. Dulani kachidutswa ka nsalu ya mbali inayo, kokulirapo masentimita 3 kuzungulira bowolo, mukaike kuseri kuti mtundu wake usuzumire pabowo. Ngati nsalu yozungulira ili yofooka, ikaninso kabafuta kuseri kwa zonsezo. Gwirizani ndi mapini. Tengani ulusi wopetera, musoke pamanja timizere tolowa n'kutuluka, kamsoko kalikonse kotalika ngati njere ya mpunga, mizere yotalikirana theka la sentimita, kudutsa bowo lonse n'kupitirira pang'ono. Musakoke ulusi mwamphamvu. Mukatha mzere uliwonse yalani nsalu pabondo n'kuisalaza ndi chala. Mizere ikapanda kuwongoka ndendende isiyeni, dzanja la munthu limaoneka choncho. Ntchito imeneyi inanditengera madzulo atatu, ndili ndekha, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene ndinalira maliro amene sindinalire pa tsiku lake. Musaithamangitse.

Ngati nsalu zanu zonse ndi zatsopano, musaboole dala kuti mufanane ndi ine. Pezani njira yanu yoti mbali imodzi ikhale ndi kachizindikiro ka inzake: thumba la nsalu yowala pa mbali yodera, kapena mzere umodzi wa ulusi wodera wotsika pamsana pa mbali yowala. Chimodzi n'chokwana. Mukachulutsa, nkhani imasokonekera, jekete n'kumaoneka ngati nsanza za dala.

Matumba ndi ophatika pamwamba, masentimita 16 mulifupi ndi 18 mulitali akatha kupindidwa. Aphatikeni tsopano. Ine ndimaika limodzi mbali iliyonse, mosemphana, kuti pasakhale pokhuthala malo amodzi. M'kati mwa thumba la mbali yachete ndimapeta liwu limodzi la mwini jekete, loti chala chake chokha chizilikhudza.

Pa makina

Musoka majekete awiri osiyana, kenaka muwakwatitsa. Yambani ndi kudutsitsa msoko umodzi pa khosi lopendeka la gawo lililonse la kutsogolo, sentimita imodzi kuchokera m'mphepete, pa nsalu imodziimodzi. Pamenepo nsalu yadulidwa mopingasa ndipo imatamuka ikangogwiridwa; msokowo umaimanga.

Lumikizani mapewa, kumaso kwa nsalu kutayang'anizana, n'kusita msoko motsegula. Yalani thupi la jekete patebulo, pezani pakati pa mkono, pagwirizane ndi msoko wa paphewa, sokani. Pindani jekete, musoke kuchokera kumapeto kwa mkono, kudutsa m'khwapa, kutsika mpaka pansi. M'khwapa bwerezani msoko kawiri, kenaka temani pakona ndi nsonga ya sizasi osafika pa ulusi, kuti pasakokane. Chitani chimodzimodzi ndi jekete yachiwiri, koma pa msoko umodzi wa m'mbali siyani mpata wa masentimita 18 wosasoka, chapakati. Ndi khomo lotembenuzira. Lisiyeni pa nsalu yolimba mwa ziwirizo.

Sitani msoko uliwonse mukangousoka. Fundi amene anandiphunzitsa ankanena kuti simbi ndi theka la telala, ndipo pa jekete iyi zimaonekeratu, poti mukatseka simudzafikanso m'kati. Ngati simbi yanu ndi ya makala, ipukuteni pansi ndipo yalani kansalu koyera pamwamba pa nsalu yowala.

Zingwe zomangira ndi ziwiri, chilichonse masentimita 45. Dulani kachidutswa ka masentimita 4 mulifupi pa nsalu iliyonse, muziphatikize, musoke n'kutembenuza, kuti chingwe nachonso chikhale cha nkhope ziwiri. Zipi wamba sagwira ntchito apa chifukwa chokokera chake chili mbali imodzi. Wofuna batani asoke mabatani awiri motsamirana misana, lina mbali ino lina mbali inayo, n'kuika kachingwe kokolera mbali yoyang'anizana nayo.

Tsopano ukwati. Lowetsani jekete imodzi mwa inzake, kumaso kutayang'anizana. Gwirizani ndi mapini kuyambira pakati pa khosi kumbuyo, kenaka misoko ya mapewa, makona a pansi, misoko ya m'mbali, n'kumadzaza pakati. Zingwe zilowe pakati pa nsalu ziwirizo, pamene khosi lopendeka lathera, mutu wake uli m'mphepete, thupi lake lili m'kati. Musanasoke, kolekani jekete pa hang'ala mpaka m'mawa. Ngati mbali imodzi yalendewera kuposa inzake, mudzaiona, n'kuidulira. Mukakhutira, sokani kuzungulira konse: khosi, kutsogolo, pansi, kubwerera pamene munayambira. Kumapeto kwa mikono musakhudze. Dulani nsonga za makona mopingasa, temani timano m'khosi mokhota.

Pisani dzanja pa khomo lija, mukoke jekete yonse pang'onopang'ono mpaka itatembenuka. Makona atulutseni ndi pensulo yosasongola, osati sizasi. Lowetsani mkono mwa mkono unzake, muonetsetse kuti sunapotoke. Misoko ya pansi pa mikono ikhale pamodzi. Pindirani m'kati mapeto a mikono yonse iwiri sentimita imodzi ndi theka, agwirizane ndendende, n'kuwasoka pamodzi. Khomo litsekeni pamanja, singano ikulowa mu mpindiro wa uku n'kutulukira mu wa uko, kuti ulusi usaoneke.

Kusita m'mphepete kumafuna kudekha. Gudubuzani msoko pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala mpaka ukhale pamphepete penipeni, nsalu iliyonse isapitirire inzake, kenaka ikani simbi. Mukatero dutsitsani msoko wa pamwamba kuzungulira konse, theka la sentimita kuchokera m'mphepete. Apa ndi pamene ulusi wa mitundu iwiri ugwire ntchito: wapamwamba ufanane ndi nsalu imene ili pamwamba, wa mu bobini ufanane ndi ya pansi. Yesani kaye pa zidutswa ziwiri zosanjikiza. Mukaona timadontho ta ulusi wa pansi tikutulukira pamwamba, ndiye kuti wapamwamba wathina, masulani pang'ono. Zikakhala mosemphanitsa, thinitsani. Pomaliza, gwirizani nsalu ziwirizo ndi timisoko tiwiri kapena titatu ta pamanja m'khwapa ndi pamapewa, mobisika mu msoko, kuti zisamasiyane pochapa.

Kuivala

Pindani mkono kamodzi. Mbali ya m'kati yatulukira, kamzere ka masentimita 4 kapena 5. Chimodzimodzi pakhosi mphepo ikaomba. Ndi chifukwa chake ndinati kupinda kuli ndi ntchito: tsiku la kuseka chete amaonekerako, tsiku la chete chikasu chimasuzumira.

Ivaleni muli nokha kaye, mbali zonse ziwiri, pamaso pa galasi. Kwezani manja, khalani pansi, weramani ngati mukunyamula ndowa. Pakakoka m'khwapa, tsegulani khomo lija mukatemenso pakona. Nyengo yake ndi ya mwera, Juni ndi Julaye, komanso madzulo. Ya Okutobala ndi Novembala isokeni yopanda mikono: njira ndi yomweyo, kungoti mabowo a mikono mumawapindira m'kati n'kuwasoka ngati mmene tachitira kumapeto kwa mikono. Pochapa, madzi ozizira, sopo wochepa, osainyika nthawi yaitali, ndipo iyanikidwe pamthunzi.

Anzanga osokera malonda, werengerani mtengo ngati wa majekete awiri kuphatikizapo maola a ulusi wa pamanja, ndipo muuzeni kasitomala musanadule. Pojambula chithunzi chotsatsira, munthu mmodzi pamalo opanda anthu, kuwala kwa m'mawa, zithunzi ziwiri pamalo amodzimodzi, akungotembenuza jekete. Nkhani ya mwini wake musailembe pansi pa chithunzi pokhapokha iye atavomera.

Ndinenenso ichi chifukwa ndadutsamo. Kukhala pawekha kumene ndikukuyamikira kuno ndi kwa maola, kosankha wekha, kokhala ndi khomo lotulukira. Ngati masabata akudutsa simukugona, simukudya, simukufuna kuona munthu, kapena maganizo odzivulaza akubwera, singano siingakwanitse. Uzani m'bale, mtsogoleri wa kutchalitchi kapena kumzikiti, kapena pitani kuchipatala mukafotokoze.

Yanga ndinaivala koyamba mu Julaye, mbali yabuluu ili kunja, popita kwa mng'ono wanga. Anandilonjera pakhomo, n'kundiyalira mphasa, tikucheza za mpunga wa chaka chimenecho. Kenaka anasiya kulankhula pakati pa nkhani. Anatambasula dzanja, n'kuika chala pa kabowo kaja, pamene chikasu chinkaonekera pansi pa timizere ta ulusi. “Achemwali,” anatero, “apa si paja anapsa akukazinga mtedza?” Ndinati ndi pomwepo. Sanachotse chalacho msanga. Pobwerera anandipatsa mpango wa mayi umene iye anatenga, uli m'jumbo, n'kundifunsa ngati ungakwane thumba.